Foni ya Malemu Venâncio

Cecília anafika ku Ulongwe pa shapa, minibasi ya m'mawa, Lachinayi, atavala zakuda kuyambira duku mpaka nsapato. Mphepo ya mwezi wa Juni inali itamuumitsa milomo. Anafunsa njira kwa anthu angapo asanapeze kachipinda kamene malemu mwamuna wake, Venâncio, ankagwiramo ntchito, kuseri kwa sitolo ya feteleza. Atakapeza anaima pakhomo nthawi yaitali osaodira.

M'katimo munali Nélia yekha, atadzikulunga chitenje m'miyendo, maso ali pa kompyuta. Iye ndi Venâncio anaphunzira limodzi ku Tete, ndipo atabwerera kwawo anagwirizana zolembera pulogalamu bungwe la alimi a kachewere. Ntchito ya pulogalamuyo inali yosavuta kuimvetsa. Mlimi akafika ndi matumba ake pamalo oyezera, mlembi amawakweza pa sikelo, sikelo n'kuuza kompyuta kulemera kwake, kompyuta n'kusunga. Inayambira ku Domwe, kwawo kwa Venâncio. Pofika chaka chino inali itafalikira mpaka ku Macanga ndi ku Chifunde, kwa anthu amene sanamuonepo nkhope mwini wake. Mwini wakeyo, Venâncio, anagwa ndi njinga yamoto m'matope a mvula yomaliza, pa msewu wopita kwawo, ndipo sanadzukenso.

Nélia atadzutsa mutu anadzidzimuka. Anaimirira msanga, nam'kokera mlendoyo mpando umene unalipo, ndipo atam'patsa kale ndi pamene anakumbukira kuti unali mpando wa Venâncio. Cecília anakhalapo osadziwa kanthu.

"Mana Cecília, kwagwanji? Kunyumba n'kwabwino?"

"Kunyumba si kwabwino, mana Nélia."

Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, natulutsa foni yong'aluka galasi pakona. Nélia anaizindikira nthawi yomweyo. Pogawa katundu wa malemu, foniyo anaisiya m'manja mwa mkazi wake, kuti achibale azimupeza mosavuta.

"Selulari iyi yandipalamulira mlandu," anatero Cecília. "Amuna akuimba."

"Amuna ati?"

"Sindiwadziwa. Lero uyu, mawa wina. Onse amafuna Venâncio. Amati sikelo yakana, komputadori yalemba zofiira, ndipo manuwali yawauza kuti aimbe nambala ino."

Nélia anapukusa mutu mwamphamvu. Buku la malangizo limene alembi a m'malo oyezera ankagwiritsa ntchito analikonza yekha maliro atangotha. Dzina la Venâncio analichotsa pachikuto ndi patsamba lomaliza, naikapo lake ndi nambala yake. Anachita zimenezi akulira, ndiye sakanaiwala.

"Ndinachotsa, mana. Ndi manja angawa."

"Kaya munachotsa chiyani, koma akuimbabe."

Cecília anafotokoza pang'onopang'ono, maso ali pansi. Iye anakwatiwa chitengwa, ng'ombe zinapita kwawo ku Tsangano, ndipo ankakhala pamudzi wa kuchimuna pamodzi ndi kamwana kake kakakazi, Zeferina. Nyumba yake inayang'anizana ndi ya apongozi ake, amayi Emilia, amene chimwalirireni mwana wawo ankangokhala pakhonde tsiku lonse kuothera dzuwa. Maso awo anafooka, koma makutu anali adakali akuthwa.

"Tsiku loyamba ndinayankhira pabwalo pomwepo. Munthu uja atafunsa, ndinati a Venâncio anamwalira. Amayi anamva. Analowa m'nyumba, anakana chakudya mpaka mawa lake. Ndiye ndinati, ayi, mawu amenewa asawamvenso m'kamwa mwanga. Ikalira ndimanyamuka, ndimapita kuseri kwa nkhokwe, ndimakanena kumeneko."

"Ndiye anakuonani."

"Alamu anga a Margarida anandiona. Mkazi wamasiye, zakuda ali nazo m'thupi, akunong'ona ndi mwamuna kuseri kwa nkhokwe, pobwera maso ali ofiira. Inu mukanaganiza chiyani?"

"Simunawauze?"

"Ndinawauza. Akuti ndani angaimbire munthu amene maliro ake anadzaza igereja, tchalitchi chathu chija, mpaka panja? Nditaizimitsa anati ndikubisa. Nditaiyatsa anati ndilibe manyazi. Chifukwa chopitira kuseriko sindinachinene, poti kuchinena n'kukumbutsanso amayi zomwe ndikuwabisira."

Choipa chinawonjezera choipa chinzake pamene Zeferina anayamba kutsokomola. Kuchipatala anati ndi chifuwa cha kuzizira, nam'patsa mankhwala. Koma Margarida anati ndi tsempho, matenda amene akuluakulu amati amagwira mwana kholo lake likadumpha mwambo wa maliro n'kuyamba kuyenda ndi wina. Anthu amenewa Lamulungu lililonse amakhala patsogolo m'tchalitchi, koma mwana akatsokomola amakumbukira msanga za makolo. Tsopano Loweruka banja linali kudzakhala pansi. Akapeza kuti Cecília ndi wolakwa, adzam'bweza ku Tsangano yekha, mwana n'kutsala kwa atate ake aakazi.

"Nyumba atenge, munda atenge," anatero Cecília. "Koma Zefe, mana Nélia. Zefe."

Nélia anakwiya, koma analibe womukwiyira pafupi. Anatembenukira ku kompyuta.

Venâncio anali munthu wodana ndi kulemba mabuku a malangizo. Ankati bukulo umalilemba lero, mawa wasintha pulogalamu, mkucha buku layamba kunama. Choncho ulesi wake unam'balira nzeru. Anakonza masamba okhala ndi mitu ndi mawu ofotokoza, koma osiya mipata apa ndi apo, ndipo masamba amenewa ankawatcha chikombole. Kenako analemba kapulogalamu kena kakang'ono kamene kankalowa mu kodigo, ndiye kuti mizere ya malamulo imene kompyuta imawerenga, n'kudula zidutswa zoyenera pamodzi ndi timawu tofotokoza timene wolemba anasiya pambali pake, n'kuzithira m'mipata ija. Ukangodina kamodzi, buku lathunthu linkatuluka, m'Chipwitikizi ndi m'Chinyanja, n'kudzitumiza lokha kwa alembi onse kuti asindikize. Kodigo ikasintha, buku linkasinthanso. Nélia ankainyadira ntchito imeneyi kuposa ina iliyonse imene anagwira awiriwa.

Anatsegula chikombole, nalemba nambala ya malemu pofufuzira. Palibe. Analemba dzina. Palibenso. Anayang'ana Cecília ngati akufuna kunena kuti mwaona, koma nkhope ya mayiyo inam'bweza mawu. Ndiye anatsegula buku lenileni, lotuluka kale, limene alembi anali nalo m'manja, nafufuza momwemo.

Inalipo. Inali pakati penipeni, m'mutu wonena za sikelo ikasiya kugwira ntchito, mutu umene munthu wopanda vuto sautsegula. M'kabokosi kotuwa munali mizere ya kodigo, ndipo pamwamba pake panali mawu awa: "Zikafika apa ndiye kuti sikelo yasiya kuyankhulana ndi kompyuta. Musamenye makina. Ndiimbireni ine Venâncio." Nambala inali pansi pake.

Mawuwo anali akalekale, a nthawi imene sikelo inali imodzi yokha ndipo Venâncio ankakhala tsidya la msewu. Anali atakwiririka mu kodigo zaka zonsezi, osawerengedwa ndi munthu. Malemu ali moyo mutu wa sikelo m'bukumo munalibe, chifukwa sikelo ikavuta ankakwera njinga n'kupita yekha. Atamwalira, Nélia anaona kuti iye sangathe kuyenda maulendo onsewo. Anawonjezera tsamba latsopano m'chikombole, nalamula kapulogalamu kaja kuti kazithiramo chidutswa cha kodigo ya sikelo, kuti alembi azidzithandiza okha. Kanachitadi monga anakalamulira. Kanatenga zonse, pamodzi ndi mawu a wakufa, n'kuzitumiza mpaka ku Chifunde.

"Ndi ine," anatero Nélia. "Ndinasesa chikombole, koma sindinayang'ane dothi limene ndikuthiramo. Ndikhululukireni, mana."

Cecília anayandikira, nawerenga mawu aja pa galasi, milomo ikuyenda. Anawawerenga kachiwiri. Sanakwiye, ndipo kusakwiya kwakeko kunam'pweteka Nélia kuposa kutukwanidwa.

"Ankayankhula choncho ndithu," anatero. "Musamenye makina."

Kukonza kunali kwa kanthawi kochepa, kochepa mochititsa manyazi. Nélia anafufuta mzere uja mu kodigo, naikapo dzina lake, nadina. Buku latsopano linatuluka loyera. Koma mabuku akale anali atasindikizidwa kale, atapachikidwa pamisomali pambali pa masikelo m'maboma atatu. Choncho Lachisanu lonse analitha akutumiza uthenga kwa mlembi aliyense amene anali ndi nambala yake: ng'ambani tsamba lakuti, nambala imeneyo musaimbenso, mwini wake anatisiya. Madzulo anapuma mtima uli m'malo, poganiza kuti wachita zoyenera.

Loweruka anakwera shapa ya ku Domwe, buku lakale lili m'chikwama. Minda ya kachewere inali itakumbidwa kale, dothi lofiira lili poyera, ndipo m'mbali mwa msewu matumba anali ataunjikidwa kudikira malole. Anafika dzuwa litakwera pang'ono, napeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa mapichesi wopanda masamba. Amuna anali pamipando, akazi pamphasa. Wotsogolera nkhani anali a Baltazar, bambo aang'ono a malemu, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu wofatsa amene sankakonda kuti nkhani ithe msanga ngakhale ikhale ya nkhuku. Kumbali ya Cecília kunabwera mlongo wake mmodzi yekha, wachinyamata, amene ankaoneka kuti akuopa kutsegula pakamwa. Amayi Emilia anali pakhonde lawo, atafunda bulangete, pamalo oti amamva zonse.

Margarida anakhala kutsogolo kwa mphasa, Zeferina atam'khazika pamiyendo pake, dzanja atam'gwira. Tisam'namizire mayiyu kuti anali woipa mtima. Iyeyu ndi amene anam'bereka Venâncio kumsana ali khanda, nam'perekeza kusukulu ya mishoni, nam'kumbira mbatata zaka zambiri kuti akafike ku Tete. Chimwalirireni mlongo wakeyo sanalire pagulu ngakhale kamodzi. Chisoni chake chinasowa potulukira, ndiye chinasanduka ukali, ndipo ukali sukhalitsa usanapeze munthu.

Ananena zake zonse osabisa. Ananena za mafoni, za kuseri kwa nkhokwe, za chifuwa cha mwana. "Utsi sufuka popanda moto," anamaliza motero. "Mlongo wanga sanaole n'komwe."

A Baltazar anatsokomola, napempha mlendo wa ku Ulongwe kuti anene chimene wabwerera.

Nélia anagwada monga mwa ulemu, natulutsa buku, nalitsegula pa tsamba lija. Anafotokoza za chikombole ndi za kodigo. Anaona kuti akuluakulu ayamba kuyang'ana kumbali, ndiye anasiya mawu a kuntchito.

"Abambo, munthu woumba njerwa amatsuka chikombole chake bwinobwino. Koma ngati m'dothi muli mwala, njerwa iliyonse ya dothi limenelo ituluka ndi mwala. Nambala ija inali m'dothi. Ine ndinatsuka chikombole chokha. Wolakwa pano ndine, osati mana Cecília."

A Baltazar anavala magalasi, nawerenga tsambalo mokweza, pang'onopang'ono monga ankawerengera ana a sukulu. Atafika pa dzina la malemu anatsitsa mawu. Anagwedeza mutu, napereka bukulo kwa Margarida. Iye sanalilandire.

"Pepala ndi pepala, bambo. Amene analisindikiza ndi yemweyu, ndipo makina ake ali nawo mu ofesi. Lachinayi anali limodzi awiriwa, tsiku lonse. Mukuganiza ankakambirana za mtengo wa feteleza?"

"Tiimbe imodzi mwa nambala zimene zili m'selularimo," anatero a Baltazar. "Mwini wake atiuze yekha."

"Kuti anene chiyani? Kuti inde, ndine chibwenzi cha mkazi wamasiye? Anapangana kale zoyankha."

Apa nkhani inaima. Mlongo wake wa Cecília anayang'ana pansi. Nélia anafuna kukalipa, koma anadziwa kuti mlendo akakalipa pamudzi wa eni amangowonjezera nkhuni pamoto. Amene anayankhula anali Cecília mwini, amene chiyambire anali asananene kanthu. Anakwawa ndi maondo, naika foni ija pamphasa patsogolo pa Margarida.

"Alamu, isungeni inu. Ikalira muyankhe nokha, anthu onse akumva. Ine sindiigwira."

Cecília sankadziwa za mauthenga a dzulo. Nélia akanatha kukhala chete, koma anaona kuti chete wotere adzaululika tsiku lina n'kuononga zambiri.

"Abambo, ndinene chinthu chimodzi. Dzulo ndatumiza uthenga kwa alembi onse kuti asaimbenso nambala imeneyi. Mwina siilira."

Margarida anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwamva? Atseka kale pakamwa pa mboni, ndiye akuti tidikire mboniyo iyankhule."

Cecília anatembenuka, nayang'ana Nélia. Nélia analakalaka nthaka itang'ambika. Kawiri konse anafuna kuthandiza, ndipo kawiri konse thandizo lake linagwera pamutu pa mayi yemweyu.

A Baltazar anakanda chibwano nthawi yaitali. Kuchedwetsa nkhani kunali luso lawo, ndipo lero linagwira ntchito.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Lero n'Loweruka, tsiku loyeza mbatata paliponse. Tikhala pompano mpaka dzuwa lilowe kuseri kwa phiri. Ikalira, timva. Ikapanda kulira, ndiweruza ndi zimene ndamva m'mawa uno, ndipo mbali ya mwana wanga Margarida ndiyo ili ndi mboni yoona ndi maso."

Anakhala. Dzuwa linafika paliwombo koma silinatenthe. Atsikana anabweretsa kachewere wophika ndi mchere m'mbale, anthu anadya osayankhulana. Amuna ena anayamba kukambirana chapansipansi za mbewu, kenako anachita manyazi n'kusiya. Foni inali pamphasa, galasi lake long'aluka likuyang'ana kumwamba, ndipo aliyense ankayesetsa kusaiyang'ana.

Zeferina anatsokomola. Manja a Cecília anadzuka okha pamiyendo pake, kenako anabwerera. Margarida anam'sisita mwanayo pamsana, nam'pukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje, ndipo anachita zimenezi mwachikondi chenicheni. Kamwanako kankayang'ana amayi ake, osamvetsa chifukwa chake lero akhala patali chotere.

Nélia anayamba kupemphera pemphero lachilendo kwa munthu wa ntchito yake. Ankapempha kuti kwinakwake sikelo ife. Ankapempha kuti pakhale mlembi mmodzi waulesi, kapena wopanda netiweki, amene uthenga wake sunam'fike. Zaka zonsezi anagwira ntchito kuti makina asavute, ndipo lero mwana wa mnzake anadalira kuti avute.

Chakumasana foni inalira kamodzi, kulira kwakufupi. Onse anadzuka m'maganizo. Margarida anaitola, nawerenga, naibweza pamphasa. Unali uthenga wa kampani ya mafoni wotsatsa malonda. Wina anaseka pang'ono, koma palibe anam'thandiza.

Mithunzi inatalika. Mphepo inayamba kutsika m'phiri, akazi anakoka zitenje kumapewa. Mlongo wake wa Cecília anayang'ana dzuwa, nayang'ana a Baltazar. Ng'ombe zinayamba kubwerera kukhola. A Baltazar anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, ndipo anatsokomola kutsokomola kwa munthu amene watsala pang'ono kuyankhula.

Pamenepo foni inalira.

Margarida anaisiya ilire kangapo, akuyang'ana Cecília m'maso. Kenako anaitola, nadina pokweza mawu kuti onse amve, naigwira patsogolo pake.

"Alo."

Kunamveka mphepo yambiri, ndi munthu wopuma mwawefuwefu.

"Alo, alo, mukundimva? Pepani amayi. Ndine Cassimiro, mlembi wa kuno kumbali ya Chifunde. Ndachita kukwera phiri kuti ndipeze netiweki, kwathu kulibe sabata yonse. Sikelo yakana kuyambira m'mawa, alimi akhala panja ndi matumba awo, ena achokera kutali. Manuwali yanena kuti ndiimbire a Venâncio. Ali pafupi?"

Margarida anatsegula pakamwa.

"Alo? Amayi? Chonde ndipatsireni a Venâncio, ngakhale kanthawi kochepa. Akangondiuza pogwira basi."

Pakhonde paja amayi Emilia anadzutsa mutu. Bulangete linatsetsereka paphewa pawo.

"Margarida," anaitana ndi mawu ang'onoang'ono. "Akufuna ndani?"

Margarida anayang'ana amayi ake. Kuyambira tsiku la maliro anali atanena zambiri, atakalipa, ataweruza, koma mawu awiri okhawo akuti Venâncio anamwalira anali asanawatulutsepo m'kamwa mwake kwa munthu amene sakudziwa. Munthu wa paphiri uja anali akuitanabe. Margarida anapanikiza foniyo pachifuwa kuti mawu asamveke, natsitsa mwana pamiyendo, naimirira. Anayang'ana uku ndi uku ngati munthu wosowa pothawira. Kenako anayenda mofulumira, nadutsa pakati pa mipando ya amuna osapepesa, nakalowa kuseri kwa nkhokwe.

Anthu onse anamuona akupita. A Baltazar anawerama, nagwira chipumi.

Kuseriko kunamveka kunong'ona, kenako chete, kenako kulira kumene mudziwo unali usanakumve chichokereni maliro. Akazi awiri anafuna kudzuka, koma a Baltazar anawaletsa ndi dzanja.

Patapita nthawi Margarida anatulukira, maso ali ofiira, duku litapendekeka. Anapita kaye kwa Nélia, nam'patsa foni.

"Munthuyu akudikira. Muthandizeni, alimi azipita kwawo kusanade."

Nélia anailandira, napita nayo poteropo. Margarida anabwerera pamphasa, koma sanakhale pamalo pake paja. Anagwada pafupi ndi Cecília.

"Mawu amenewa mwawanena kangati, alamu?"

"Sindinkawerenga."

"Nokha?"

"Ndekha."

Margarida anapukuta nkhope ndi manja onse awiri. Anatembenukira kwa kamwana kaja, kamene kanali chiimire pamene anakasiya, chala chili m'kamwa.

"Zefe," anatero, "pita kwa amako. Kwazizira, akakuveke juzi."